Agogo, kodi phirili tizingoliyang'ana?

Mnyamata wina wa kwa Chinamwali, m'tsinde mwa phiri la Zomba, wandilembera ali ndi mkwiyo. Akuti: "Agogo, ndinamaliza Fomu 4 koma ntchito ndilibe. Tikakwera m'phiri, a zankhalango amatilanda nkhwangwa. Ena akuti malo otetezedwa awonjezedwe, chikhalirecho ku Malosa kuli miyala yamtengo wapatali, ndipo mchenga wa ku Chilwa makampani akuufufuza. Tidzadya mitengo yoimirira?"

Ndakumva mdzukulu wanga, njala ilibe ulemu. Koma madzi amene wasamba m'mawa uno achokera kuti? Mipope ya mu Zomba imamwa ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri lomwelo. Nkhalango ya m'phirili inaikidwa m'manja mwa boma mu 1913, ndipo mitsinje ya Likangala ndi Domasi imachokera komweko kukathira mu Chilwa. Nyanjayi inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Chachikulu chinali chilala, inde, koma phiri likametedwa mvula imathamanga ndi dothi n'kukakwirira nyanja yomwe ndi yosaya kale. Kafunse asodzi a pa doko la Kachulu momwe mabwato anakhalira pamatope ong'ambika, matemba atasowa pamsika.

Kuteteza malo sikunabwere ndi azungu ayi. Ife tinakula tikudziwa kuti msitu wa kumanda sulowamo ndi nkhwangwa, pokhapokha adzukulu akamakumba manda. Mtengo wa pakasupe sunkakhudzidwa. Masuku tinkatola akugwa okha, ndipo amayi ankathyola nkhuni zouma basi. Panalibe mlonda wa mfuti, panali mfumu ndi manyazi. Koma uone, mwambowo sunkatsekera munthu kunja. Bowa, mankhwala, udzu wofolera, zonsezi tinkatenga. Ndiye amene akufuna kukulitsa malo otetezedwa osakhala pansi ndi mayi amene amatsika kuchokera Ku Chawe, pamwamba pa phiri, atasenza mtolo wautali kuposa msinkhu wake, naye akulakwa. Mpanda womangidwa popanda eni mudzi umathyoledwa usiku.

Usasokonezenso mitengo. Paini wa pamwamba paja anadzalidwa kuti adzachekedwe matabwa. Kumudula ndi chilolezo si mlandu, mlandu ndi kudula osabwezeretsa. Mkuyu ndi katope wa m'mbali mwa mtsinje ndi nkhani ina, umenewo ukagwa iwe sudzauonanso utakula.

Za migodizo sindikukana. Dziko losauka silingakhalire chuma chake mpaka kalekale. Koma akabwera ndi magalimoto awo kudzachititsa msonkhano kwa amfumu, usakangoombera m'manja chifukwa cha botolo la Fanta. Imirira mwaulemu, chipewa m'manja, ufunse: madzi otsukira mchengawo adzatayidwa kuti? Minda ya mpunga ya ku Likangala idzatani? Ana a kuno adzalembedwa ntchito zanji, kwa zaka zingati, ndipo dzenjelo adzakwirira ndani? Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, pofika 2014 unaima chifukwa mtengo wa uranium unagwa kunja, anthu n'kubwerera kumudzi. Nzeru zotere uzipita nazo kumsonkhanoko.

Pakali pano, lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi komiti yosamalira zachilengedwe ndi nkhalango yakeyake, ngakhalenso kugwirizana ndi boma pa kagwiritsidwe ntchito ka nkhalango yotetezedwa. Achinyamata simupitako, mumati ndi za nkhalamba, kenaka mudandaule kuti sakukumverani. Pita kwa amfumu ukalembetse dzina, mupemphe malo a nazale ndi oika ming'oma ya njuchi. Makala opanda chilolezo uwasiye, chilango chake anachikhwimitsa mu 2020, ndipo amene amagwidwa ndi wa njinga, osati mwini lole. Anzako osaka mbewa aja uwauzenso kuti moto wa mu Okutobala umapsereza mbande zonse zimene ena anadzala mu Januwale.