Mvula ya pa canvas ikuoneka chimbuuzi pa foni: vuto lili pati?

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera imelo limodzi ndi khodi yake. Akuti anapanga mvula yogwa kumbuyo kwa tsamba lake pogwiritsa ntchito canvas, malo a mu HTML ojambulapo zithunzi ndi JavaScript. Pa laputopu ikuoneka bwino, koma pa foni madontho akuoneka chimbuuzi, pa foni ya mnzake mvula ikugwa mothamanga kwambiri, ndipo pakatha mphindi imodzi zonse zimayamba kudodoma. Funso lake ndi lakuti: kodi canvas ndi yosayenera mafoni?

Ayi achimwene, canvas ilibe mlandu. Chiyambireni pamene Apple anaiika mu WebKit, injini ya browser yake ya Safari, mu 2004, kagwiridwe kake ka ntchito ndi kamodzimodzi: ili ngati bolodi ya m'kalasi. Mukajambulapo mzere, bolodi sidziwa kuti umenewo ndi mzere, imangosunga choko pamene chagwera. Simungauze dontho kuti sendera pansi. Muyenera kufufuta ndi kujambulanso, ndipo amene ayenera kukumbukira pamene dontho lili ndi inuyo. Mavuto anu atatu onse akuchokera pamenepa.

Tiyambe ndi chimbuuzi, chifukwa ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Canvas ili ndi miyezo iwiri. Woyamba ndi chiwerengero cha ma pixel ake enieni (timadontho timene timapanga chithunzi), chimene chimaikidwa ndi width ndi height pa canvas yeniyeniyo. Mukapanda kuika, browser imakupatsani 300 m'lifupi ndi 150 m'litali. Wachiwiri ndi kukula kumene CSS ikulamula kuti ioneke pa sikirini. Miyezo iwiriyi ikasiyana, browser imangokoka chithunzicho ngati mmene amakokera legeni. Inu munafananitsa width ndi window.innerWidth, ndipo pa laputopu yanu zinakwanira. Koma foni imene imanena kuti m'lifupi mwake ndi 360 nthawi zambiri imakhala ndi ma pixel enieni 720 kapena 1080. Kusiyanaku kumapezeka mu window.devicePixelRatio, imene pa mafoni ambiri imakhala 2 kapena 3. Ndiye pixel imodzi ya canvas yanu ikupakidwa pa ma pixel anayi kapena asanu ndi anayi a sikirini, n'chifukwa chake m'mbali mwa madontho a mvula simukuthwa.

Mankhwala ake ndi awa:

const c = document.querySelector('canvas');
const ctx = c.getContext('2d');
function konza() {
  const r = c.getBoundingClientRect();
  const d = Math.min(window.devicePixelRatio || 1, 2);
  c.width = Math.round(r.width * d);
  c.height = Math.round(r.height * d);
  ctx.scale(d, d);
}

Itanani konza tsamba likangotseguka, komanso nthawi iliyonse resize ikachitika, monga munthu akatembenuza foni. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Kukula kwa canvas mu CSS kukhale kolembedwa, mwachitsanzo width: 100vw ndi height: 100vh. Mukapanda kutero, canvas imatenga kukula kwake kuchokera pa nambala zimene mwangoikazo, ndipo pa resize iliyonse imafufuma kawiri mpaka kusefukira. Chachiwiri, kungoika nambala pa c.width kumafufuta chilichonse, ngakhale mtundu ndi kunenepa kwa mzere zimene munasankha kale. N'chifukwa chake scale ili pansi pake, ndipo strokeStyle ndi lineWidth muziikenso pambuyo pa konza.

Mwina mwadabwa kuti bwanji mu khodiyo taletsa nambala ya devicePixelRatio kupitirira 2. Werengani nokha. Sikirini ya 360 ndi 800 mukaichulukitsa katatu imakhala 1080 ndi 2400, amene ndi ma pixel 2,592,000. Pixel iliyonse imadya ma byte anayi, la kufiira, kubiriwira, buluu ndi kuonekera mkati, ndiye zonse pamodzi ndi ma megabyte oposa 10. Mukaichulukitsa kawiri m'malo mwa katatu ndi ma pixel 1,152,000, osafika ndi theka lomwe. Pa mvula yoyenda diso silingaone kusiyana, koma foni yotsika mtengo imapuma, ndipo batire silitha msanga.

Za liwiro n'zosavuta. Mwachita bwino kugwiritsa ntchito requestAnimationFrame, imene imaitana khodi yanu nthawi iliyonse sikirini ikamajambula chithunzi chatsopano, m'malo mwa setInterval, koma munalemba kuti y += 5 pa chithunzi chilichonse. Sikirini yojambula ka 60 pa sekondi imatsitsa dontho ndi ma pixel 300 pa sekondi. Foni ya mnzanuyo iyenera kuti ndi ya 120 Hz, yojambula ka 120 pa sekondi, ndiye ikutsitsa ndi 600. Yendetsani dontho ndi nthawi, osati ndi chiwerengero cha zithunzi. Browser imapatsa function yanu nthawi m'mamilisekondi, choncho chotserani nthawi ya chithunzi chapita, gawani ndi 1000, ndipo zotsalazo muzitche dt. Kenako lembani y += 300 * dt. Musalole dt kupitirira 0.05, chifukwa munthu akapita pa tabu ina requestAnimationFrame imaima, ndipo akabwerera pakatha masekondi 30 madontho onse angadumphe mtunda wautali nthawi imodzi.

Kudodoma ndiye kukufunika kuti tikhalepo pang'ono. Mu khodi yanu mukuwonjezera madontho 10 mu array (mndandanda wosungamo madontho) pa chithunzi chilichonse, koma palibe pamene mukuchotsa amene atuluka pansi pa sikirini. Maso sakuwaona, koma foni ikuwawerengabe ndi kuwajambula. Madontho 10, ka 60 pa sekondi, kwa masekondi 60, akukwana 36,000. Pangani madontho 300 kapena 400 kamodzi kokha poyamba, lililonse ndi x, y, liwiro ndi kutalika kwake. Dontho likadutsa pansi, libwezereni pamwamba ndi x watsopano wochokera ku Math.random. Array isakule ngakhale pang'ono. Ubwino winanso ndi wakuti browser sikhala ikutolera zinyalala za mu memory pafupipafupi, ntchito imene imachititsa kuti chithunzi chiziima mwadzidzidzi.

Pali m'bale wake wa vutoli amene inu sanakugwireni koma agwira ambiri: kuiwala beginPath. Mizere yonse imene mwalemba ndi moveTo ndi lineTo imaunjikana mpaka mutaitana beginPath, ndipo clearRect siichotsa. Chizindikiro chake n'chakuti mwafufuta ndithu koma mizere yakale ikubwerabe. Inu mwapyola mbali inayo, mukuitana beginPath ndi stroke pa dontho lililonse. Popeza madontho onse ndi a mtundu umodzi, itanani beginPath kamodzi, lembani mizere yonse mu loop, kenako stroke kamodzi pamapeto. Mukafuna mvula yapafupi ndi yakutali, gawani magulu atatu, lililonse ndi kunenepa ndi liwiro lake, ndipo stroke izichitika katatu basi. Madontho akutali akhale aafupi, ozimiririka ndi oyenda pang'onopang'ono, apo ndiye diso limakhulupirira kuti pali kuya.

Chotsaninso shadowBlur. Ndi yokongola, koma browser imawerengera mthunzi pa chojambula chilichonse, ndipo pa sikirini yojambula ka 60 pa sekondi muli ndi mamilisekondi pafupifupi 16 okha pa chithunzi chimodzi. Mukafuna kuwala, pangani canvas ina yaing'ono ya 32 ndi 32 ndi document.createElement, jambulanipo dontho lowala kamodzi ndi createRadialGradient, kenako muzingolidinda ndi drawImage. Mukaika globalCompositeOperation kukhala 'lighter', pamene madontho akumana pamawala kwambiri, ngati nthethe za moto.

Kuti madontho azisiya mchira, m'malo mwa clearRect phimbani canvas yonse ndi fillRect ya mtundu wa rgba(0,0,0,0.15). Zakale zimazimirira pang'onopang'ono. Koma nambala yotsirizayo ikachepa kwambiri, monga 0.02, pamatsala timabanga totuwa tosachoka, chifukwa mitundu imasungidwa m'nambala zathunthu kuyambira 0 mpaka 255 ndipo kachigawo kochepetsetsa kamangotayika powerengera. Njirayi imadetsanso canvas yonse, ndiye ngati kumbuyo kwake kuli chithunzi, gwiritsani 'destination-out' pophimbapo, kenako bwererani ku 'source-over' musanajambule madontho.

Popeza mvulayo ndi yokongoletsa chabe, ikani pointer-events: none pa canvas kuti isatseke mabatani. Mawu a tsamba akhale mu HTML, osati ojambulidwa ndi fillText, chifukwa mapulogalamu owerengera anthu osaona sangawerenge zimene zili pa canvas. Funsaninso matchMedia za prefers-reduced-motion, ndipo munthu akakhala kuti anasankha kuchepetsa zoyendayenda, mujambulireni chithunzi chimodzi chosayenda. Alipo anthu amene zoyendayenda zimawachititsa chizungulire.

Mukakonza zonsezi, tsegulani DevTools mu Chrome, pitani pa Performance, chepetsani liwiro la CPU kanayi, ndipo jambulani masekondi 10. Kenako yesani pa foni yofooka kwambiri imene mungabwereke, muisiye kwa mphindi zisanu. Ikatentha kapena kuyamba kudodoma, tsitsani madontho kufika pa 150 musanakhudze china chilichonse, muonenso.