Kodi alendo a agogowa adziwiretu kuti ndi sewero?

Mnyamata wina wa ku Makawa wanditumizira imelo. Akufuna kuyambitsa pologalamu yocheza ndi anthu pa Facebook, iye atavala chitenje ndi duku ngati agogo ogulitsa usipa, n'kumafunsa mafunso makhansala, mafumu ndi eni mabwato. Akuti kodi alendowo awauziretu kuti agogowa ndi ongopeka, kapena angowadzidzimutsa kuti anthu aseke kwambiri?

Achimwene, auzeni. Ndikudziwa kuti alipo amene anatchuka chifukwa chosawauza. Sacha Baron Cohen, pa pologalamu ya Ali G imene inayamba mu 2000 pa Channel 4 ku Britain, ankacheza ndi akuluakulu omwe sankadziwa kuti akuseweretsedwa. Koma iye akamaliza kujambula ankakwera galimoto n'kumapita, osadzaonananso nawo. Inu khansala amene mwamuchititsa manyazi Lachiwiri mukumana naye Lachisanu ku mzikiti, kapena pa maliro, ndipo mayi anu ndi amene azikayankha mlandu.

Komanso kuuziratu sikupha nthabwala. Stephen Colbert wa ku America, kuyambira 2005 mpaka 2014, ankauza alendo ake asanalowe kuti munthu amene akumusewerayo ndi mbuli yodzimva. Amene ndikufuna mumuonetsetse ndi Caroline Aherne. Mu 1995 pa BBC anayamba pologalamu yocheza ndi anthu imene ankasewera Mrs Merton, gogo wa imvi ndi magalasi, iye ali ndi zaka 31 zokha. Tsiku lina anafunsa Debbie McGee chimene chinamukopa mwa mwamuna wake Paul Daniels, koma m'funso momwemo anatchula kuti mwamunayo ndi mpondamatiki. Mlendoyo ankadziwa bwino lomwe kuti ndi sewero, anaseka, koma funso linali litafika kale. Mtolankhani wovala tayi sakanayerekeza. Gogo amaloledwa, monga mmene kwathu kuno agogo amatchulira mdzukulu wawo kuti "amuna anga" n'kumunena ulesi pagulu, iye osakwiya.

Ndiye agogo anuwo akhale odziwa zinthu. Adziwe mtengo wa ndowa ya usipa lero, adziwe chifukwa chake chambo chinasowa mu Malombe, afunse mwini bwato mwaulemu wonse kuti neti ya udzudzu ija imene anaiona itayanikidwa pa mchenga inali yogonamo ndani. Apa m'pamene pali kuseka kwenikweni.

Chimene chingandipweteke mtima n'kuona mukuseketsa anthu ndi kalankhulidwe ka Chiyao, kapena ndi umphawi wa amayi amene amakhala padzuwa tsiku lonse pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Zimenezo tazionapo zambiri ndipo zimanyoza anthu amene akukupatsani nkhaniyo. Ngati agogowo azilankhula Chiyao, achilankhule bwino, ndipo wotuluka thukuta akhale bwana amene wakhala pampando wa alendo.

Musankhenso dzina limene mungakonde kufa nalo. Michael Usi anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, koma anthu ankamutchulabe Manganya wa mu Tikuferanji.

Za zida musade nkhawa, foni yabwino ikwana. Ndalama yoyamba mugulire maikolofoni yokoleka pa malaya, chifukwa mwera ukayamba kugombeko palibe amene angamve funso lanu.