Jump starter yogona m'galimoto: yankho kwa owerenga a ku Nchalo

Bambo wina amene amayendetsa Toyota Hilux ya dizilo anditumizira imelo kuchokera ku Nchalo. Akuti anagula jump starter, kabokosi kolizira galimoto batire likatha moto, n'kukaika m'kabati ka padeshibodi. Patapita miyezi batire la galimoto linafooka, koma atalumikiza kabokosiko sitata inangoti ke-ke-ke, injini osalira. Akufunsa ngati anawagulitsa chinthu chachinyengo, komanso kuti kamayenera kusungidwa ndi kutchajidwa bwanji.

Bambo, zachinyengo zilipodi pamsika, koma ine ndikukayikira kwambiri malo amene munakasunga. M'kabokosimo muli batire la lithium, la banja limodzi ndi la mufoni, ndipo silimvana ndi kutentha. Kuchigwa cha Shire kwanuko, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40. Galimoto ikaima padzuwa mawindo ali otseka, m'katimo mumafika madigiri 60 kapena kuposa, ndipo pamene pamapsa kwambiri ndi padeshibodi pomwepo. Batire la lithium likamasowera m'ng'anjo yotere tsiku ndi tsiku limakalamba msanga. Limayamba kusunga moto wochepa, ndipo choipitsitsa n'chakuti silithanso kutulutsa mphamvu yambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake timagetsi tosonyeza tchaji titha kuyaka tonse, koma sitata ya Hilux ikangokoka, kabokosiko kamagonja pomwepo.

Musanakatchajenso, kaikeni patebulo losalala. Ngati kakugwedera, chikuto chake chatukumuka kapena chayamba kukanuka m'mbali, ntchito yake yatha. Musakatchajenso, musakaboole, ndipo musakaponye kudzala kumene mumatentha zinyalala, chifukwa batire lotupa limatha kuphulika ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Kaikeni panja pamthunzi, pasimenti kapena pamchenga, kutali ndi udzu ndi zigubu za mafuta.

Ngati kali bwinobwino, kwawo ndi m'nyumba, pamalo ozizirira ndi ouma. Muzikanyamula ponyamuka ulendo. Ngati n'kofunika kuti katsale m'galimoto, kakhale pansi pa mpando, m'kachikwama kake, mawaya atazulidwa kuti zopanira zisagundane ndi masipanala. Muzikatchaja mukangokagwiritsa ntchito, ndipo ngakhale kangokhala, kadzazeni pakatha miyezi itatu iliyonse. Lithium imataya moto pang'onopang'ono payokha, ndipo ikakhalitsa ili yophweratu imatha kukana kutchajikanso. Potchaja gwiritsani ntchito tchaja imene kanabwera nayo kapena imene kabuku kake kakunena, osati pamatiresi, osati usiku wonse inu muli mtulo. Kakakhala kotentha, kaya chifukwa cha dzuwa kaya chifukwa mwangolizira galimoto, kasiyeni kazizire kaye. Anzathu a ku Britain ndi ku Johannesburg vuto lawo ndi lina: batire la lithium silitchajidwa kukazizira kutsika pa digiri 0, ndiye m'nyengo yachisanu kalowetseni m'nyumba kafunde kaye.

Palinso wakuba wina amene sitimuwerengera. Magetsi akazima, aliyense m'nyumba amadziwa kuti kabokosi ka bambo kali ndi potchajira foni komanso tochi. Tsiku loti mukafune n'kupeza kagetsi kamodzi kokha kakuphethira. Ana agulireni power bank yawo.

Tsopano kalizidwe. Kokani handibuleki, chotsani giya, zimitsani magetsi, wailesi ndi fani. Yang'anani batire la galimotolo: ngati lang'aluka, latupa kapena likudontha asidi, musalijampe. Ngati pamateminolo pali ufa woyera kapena wobiriwira, upaleni kaye, chifukwa chopanira chikaluma paufawo moto sudutsa bwino ndipo mudzanamizira kabokosi kosalakwa. Chopanira chofiira chipite pa +. Chakuda chipite pa − kapena, ngati waya akufika, pachitsulo chopanda penti cha injini. Pachitsulopo ndi pabwino chifukwa batire la galimoto, lomwe ndi la asidi, limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka ndi kamoto kakang'ono kothetheka, choncho ndudu nayonso ikhale kutali. Poti yanu ndi dizilo, tembenuzani kiyi pang'ono, dikirani kagetsi ka ma glow plug (tizitsulo totenthetsa m'kati mwa injini ya dizilo isanalire) kazime, kenako lizani. Musaumirire kiyi kupitirira masekondi asanu. Ikakana, pumani mphindi imodzi, gwirani mawaya mumve ngati atentha, n'kuyesanso. Mukayesa katatu osatheka, lekani, vuto lili kwina. Ikalira, chotsani chakuda kenako chofiira nthawi yomweyo.

Ma jump starter ambiri ali ndi batani lolembedwa boost kapena override. Batire la galimoto likaphweratu, kabokosi sikalizindikira ndipo kamakana kutulutsa moto, ndiye batanili limakakakamiza. Koma limazimitsanso chitetezo chimene chimakutchinjirizani mukasemphanitsa mawaya. Musanalidinde, onetsetsani kawiri kuti chofiira chili pa +. Kusemphanitsa pamenepa kumapsereza mafyuzi, altaneta (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira), ngakhale kompyuta ya galimoto. Ndipo mnzanu wa lole akakubwerekani mukaneni mwaulemu, poti malole ambiri akuluakulu ndi a 24V pomwe kanuka n'ka 12V.

Mukamagula kena, musakopeke ndi nambala yaikulu ya mAh yolembedwa pakatoni. Imeneyo imangonena kuchuluka kwa moto wosungidwa, osati mphamvu yokokera sitata. Yang'anani pamene alemba kukula kwa injini: pamakhala malita a petulo ndi a dizilo, ndipo a dizilo amakhala ochepa chifukwa injini yake ndi yolimba kutembenuza. Kamene kamatha kuliza Vitz mosavuta katha kulephera pa Hilux ya malita 2.5 kapena 3.0. Wachibale akamakubweretserani pandege, kakhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa mabatire otere saloledwa m'masutikesi opita pansi.

Komanso pitani kwa makaniko wa zamagetsi akayeze batire la Hilux-yo ndi mita. Injini ili chete, batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo 12.2V ndiye kuti latsala theka. Injini ikulira, mita ionetse pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Ikaonetsa zochepera 13V, altaneta kapena lamba wake ndiye akuyenera kuonedwa musanagule batire latsopano.