Achemwali a ku Turffontein afunsa: ndisiye ntchito ndizingojambula?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa kwathu ku Ntcheu amene akukhala ku Turffontein. Dzina sinditchula poti anandipempha choncho. Mwachidule akuti amagwira ntchito ya m'nyumba masiku asanu pa sabata, koma chiyambire ali ku pulayimale amajambula ndi pensulo, ndipo pano akaweruka usiku amakhala akujambula nkhope za anthu mpaka tulo. Ananditumiziranso zithunzi zinayi za ntchito yawo. Funso lawo ndi loti, kodi ndisiye ntchitoyi ndizingojambula basi? Nanga anthu amalowa bwanji m'ma gallery, malo oonetsera ndi kugulitsira zojambula, a ku Rosebank aja poti ine sindidziwa aliyense?

Achemwali, zikomo kwambiri polemba. Dzanja muli nalo, izo zokha musakayike, ndaziona ndi maso anga. Koma ntchito musasiye kaye. Ndikudziwa si yankho limene mumafuna kumva, nde ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

Ine ndinabwera kuno ku Joni mu 2011 pa basi, ulendo uja mukuudziwa wa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka kudzatsikira pa Park Station miyendo itatupa. Zaka zinayi zoyambirira ndinkapenta nyumba za anthu, maganyu basi, lero ku Alberton mawa ku Randburg, zojambula zanga ndinkapanga m'mamawa ndisananyamuke. Ndalama ya ganyu ija ndi imene inkagula mapepala ndi penti, inkalipira lendi, inkapita kumudzi pa Mukuru. Chimene ndinaona kwa anzanga amene anasiya ntchito msanga ndi choti njala ikakupana umayamba kujambula chilichonse chimene chingagulidwe lero lomwe, ndipo umagulitsa pa mtengo wozizira chifukwa landilodi akugogoda pakhomo. Munthu wotero luso lake silikula, amangobwereza chithunzi chimodzimodzi kambirimbiri. Ntchito ya m'nyumbayo ndi yotopetsa ndikudziwa, koma panopa ndi imene ikukupatsani mphamvu yokana munthu akafuna kukulipirani R100 pa chithunzi chimene mwachezera nacho mausiku atatu.

Olo panopa ine amene anthu amati ndimadya za luso, sabata yanga simmene ambiri amaganizira. Lolemba mwina ndili pa makwerero ndikulemba dzina la saluni ku Rosettenville ndi kujambula mitu ya anthu ometa pakhoma, Lachitatu ndikupenta chikwangwani cha spaza, timagolosale ta m'makomboni tija, ndipo ndalama yodalirika kwambiri imachokera ku nkhope zimene anthu amaoda, za ukwati, za tsiku lobadwa, makamaka za anthu omwalira. Mwezi wathawu bambo wina wa ku Mangochi amene amasoka zovala ku Mayfair anandibweretsera chithunzi cha malemu bambo ake, cha pa WhatsApp, chojambulidwa pa chithunzi china chakale chokhala ndi mizere yopindika, nkhope yake yosaoneka bwino nkomwe. Ndinakhala naye pansi pafupifupi ola lathunthu ndikumufunsa, kodi madalawa ankaseka bwanji, chipewa ankavalira mbali iti, ndevu zinali zotani. Anandiuza kuti diso lakumanzere linali lotsinzina pang'ono chifukwa mbedza inawavulaza ali anyamata kunyanja, zimene pachithunzi paja sizinkaoneka. Ndinajambula ndi makala pa pepala la A2, diso lija ndinaliika mmene ananenera. Atabwera kudzatenga anangoima chete nthawi yaitali, kenako anavula chisoti chake nkuyamba kupukuta misozi. Chithunzi chimenecho pano chili kumudzi kwa mayi ake, chinapita pa basi chitakulungidwa m'bulangete. Ntchito ngati imeneyi musamaione ngati yotsika chifukwa sinapachikidwe pa khoma loyera la ku Rosebank.

Pa nkhani ya maoda ndikuuzeni chimodzi chokha, muzitenga theka la ndalama musanagwire pensulo. Olo akhale wa kutchalitchi kwanu, olo akhale wa mudzi umodzi. Ndipo munthu akati ndipatseni zithunzi ndikakugulitsireni ku shopu kwanga, mulemberane papepala, zingati, mtengo wake, adzalipira liti, asayine. Ine bambo wina anatenga zithunzi zanga zitatu mu 2016 akuti akaika mu shopu yake, mpaka lero sindinaone ndalama kapena zithunzizo, ndipo ndinalibe kapepala kalikonse kosonyeza kuti ndi zanga. Zimandipwetekabe chifukwa chimodzi mwa izo chinali cha mayi anga akupeta mpunga.

Tsopano tibwere ku zithunzi zinayi mwatumiza zija, apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Zitatu ndi nkhope za oimba otchuka zimene mwakopera pa intaneti, zapangidwa mwaukhondo, tsitsi mwaligwira bwino, mithunzi ili m'malo mwake. Koma zimenezo anyamata ambirimbiri pa Instagram akupanga zomwezo ndipo palibe chondiuza kuti wajambula ndi inuyo. Chachinayi chija munachita kupepesa kuti ndi chongoyeserera, cha mayi atagona tulo mu tekisi atakumbatira chikwama cha pulasitiki pachifuwa, mutu utatsamira pa windo, duku litasunthira kumbuyo, nsapato imodzi itavuka chidendene. Achemwali, chimenecho ndinachiyang'ana kangapo. Dzanja lakumanja lafupika pang'ono inde, koma kutopa kwa mayiyo ndinakumva m'mafupa mwanga. Munthu amene sanakwerepo tekisi ya 5 koloko m'mawa mwezi wa June sangajambule chithunzi chimene chija. Inu mumakwera tsiku ndi tsiku.

Ife a Malawi tikafika kuno timathamangira njovu, dzuwa likulowa panyanja, mayi atasenza mtsuko, asodzi ali m'bwato, poti ndi zimene alendo amagula pa msika wa Lamlungu pamwamba pa Rosebank Mall paja. Sindikunyoza ayi, abale athu ambiri aphunzitsa ana ndi zimenezo komanso ndi ziboliboli, inenso ndinajambulapo njovu zosawerengeka. Koma mwafunsa za ma gallery, ndipo kumeneko amafuna munthu amene akuona chinthu chimene ena sakuchiona. Gerard Sekoto, wojambula wa konkuno, ankajambula misewu ndi anthu a ku Sophiatown kumene ankakhala, ndipo mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, koyamba kugula cha munthu wakuda. Malemu David Koloane, amene anamwalira mu 2019, anatchuka ndi agalu oyendayenda a m'makomboni, utsi ndi chipwirikiti cha magalimoto a mu tauni muno. Sanapite kutali kukasaka zojambula.

Ndipo pali wathu weniweni amene ndikufuna mumufufuze usiku uno pa foni, Billie Zangewa. Anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, amakhala konkuno ku Johannesburg. Iyeyu sagwiritsa penti, amadula tizidutswa ta nsalu ya silika nkumasoka ndi manja, ndipo zimene amasoka ndi za m'nyumba, iye ali kukhitchini, mwana wake ali patebulo, iye akupuma pampando. Mu 2004 anapata mphoto ya Gerard Sekoto pa mpikisano wa Absa L'Atelier ndipo pano ntchito zake zimaonetsedwa mpaka ku New York. Zinthu zimene anthu amati ndi ntchito wamba za amayi iye anaziika pakhoma dziko lonse nkumabwera kudzaona. Nde inu amene mumakhala m'nyumba ya eni tsiku lonse, mukusita malaya a bwana, mukuona manja anu atatuwa ndi Jik, mukudya nkhomaliro panokha kuseri kwa khitchini, mukukumana ndi amayi anzanu pa stop atavala ma ovolo, muli ndi nkhani imene sindinaione ikujambulidwa ndi munthu amene ali mkati mwake. Pangani zithunzi khumi ndi ziwiri za moyo umenewo. Osati chimodzi, khumi ndi ziwiri, pepala lofanana kukula, olo zikutengereni chaka. Mabwana anuwo musawajambule nkhope osawapempha, mungataye ntchito.

Za kalowedwe ka m'ma gallery. Palibe amene amangofika ndi chikwama pa Goodman Gallery kapena Everard Read nkupatsidwa khoma, malo amenewo amatenga anthu amene awaona kale kwina kwa zaka. Njira yake imayambira pa zionetsero za pagulu, anthu khumi kapena makumi awiri aliyense chithunzi chimodzi kapena ziwiri, ndipo mumazidziwa poyenda ndi kucheza ndi ojambula anzanu. Komanso chionetsero chimadya ndalama chisanabweretse, felemu ndi galasi nthawi zina zimadula kuposa pepala ndi makala onse mwagwiritsa, kuwonjezera thiransipoti chifukwa chithunzi cha galasi simungakwere nacho tekisi yodzaza. Chikagulidwa, gallery nthawi zambiri imatenga pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Chionetsero changa choyamba cha pagulu ndinaika zithunzi ziwiri, sichinagulidwe ndi chimodzi chomwe, koma mayi wina amene anaona anatenga nambala yanga ndipo patatha miyezi isanu anandipatsa oda ya zithunzi za ana ake atatu. Zimayenda choncho, mochedwa. Mipikisano nayo muziwerenga malamulo kaye musanawononge ndalama ya felemu chifukwa ina imafuna ID ya konkuno kapena permit.

Chimene mungayambe mwezi uno osawononga zambiri ndi kupita kukaona. Wits Art Museum ku Braamfontein kulowa ndi ulere. Ku Victoria Yards ku Lorentzville Lamlungu loyamba la mwezi kumakhala msika ndipo ojambula amatsegula zitseko, mumalowa nkuwapeza ali ndi penti m'manja. August House pa End Street ku Doornfontein ndi chinyumba chodzaza ma situdiyo, nawonso amakhala ndi masiku otsegulira anthu, muziyang'ana pa Instagram pawo. Bag Factory ili ku Fordsburg kufupi ndi kumene timagula nsalu ku Oriental Plaza, inayamba mu 1991 ndipo Koloane yemwe uja anali mmodzi mwa oyambitsa. Palinso Artist Proof Studio imene Kim Berman ndi malemu Nhlanhla Xaba anayambitsa chaka chomwecho, kumene achinyamata amaphunzira kusema chithunzi pa lino, chinthu chaphanthiphanthi chonga labala, nkumadinda makope ambiri, zimene kwa munthu wa dzanja la pensulo ngati lanu zingakuyanjeni kwambiri poti chithunzi chimodzi mumagulitsa kangapo pa mtengo woti anthu wamba angakwanitse. Tsiku loyamba mudzachita manyazi, nanenso ndinaima panja pa khomo mphindi zambiri ndikuopa kuti andifunsa kuti ukufuna chani, koma palibe anandifunsa. Lowani, yang'anani mmene apachikira, werengani mitengo, funsani wojambulayo kuti pepala ili amagula kuti. Ojambula ambiri amakonda kufunsidwa za ntchito yawo.

Chomaliza ndi chimene chili pamtima panga kwambiri. Loweruka lililonse masana ndimakhala ndi ana mu holo ya tchalitchi china ku Rosettenville, nthawi zina khumi nthawi zina kupitirira makumi awiri, ambiri ndi ana a a Malawi obadwira konkuno, ena a ku Congo, a ku Zimbabwe ndi eni dziko. Tilibe zida zapamwamba, makatoni a ku shopu, mapensulo, penti yotsala ku maganyu anga, mabulashi ena timapanga tokha potafuna nsonga ya kamtengo ngati mswachi wa kumudzi. Tsiku lina ndinawauza kuti aliyense ajambule kwawo. Kamtsikana kena ka zaka zisanu ndi zitatu kanajambula nyumba ya udzu, mbuzi ziwiri ndi agogo atakhala pamkeka, koma zonsezo kanaziika mkati mwa foni, kanachita kujambula mpaka kabatani kofiira kodulira. Nditakafunsa kanati agogo amakhala mmenemo. Sikanapiteko ku Malawi chibadwire, agogo ake kamangowaona pa video call. Ine wa zaka zonsezi ndikujambula sindikanaganiza chithunzi chimenecho.

Kumapeto kwa chaka timamanga zingwe zoyanikira zovala mu holo muja nkupachika zithunzi zonse ndi mapegi, makolo amabwera akatuluka mapemphero, amayi amaphika mandasi ndi tiyi, ndimawauzako anawo za zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza kuti adziwe kuti makolo awo anayamba kalekale kujambula pamiyala, ndi za Samson Kambalu amene chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Maoda anga ambiri a nkhope anachokera kwa makolo amenewa, koma olo pakanapanda oda ndi imodzi yomwe ndikanapitirizabe.

Panopa ndili ndekha pa anawo ndipo atsikana akuluakulu aja amafuna mayi woti aziwaonetsa kajambulidwe ka tsitsi loluka ndi nsalu, zimene inu mumazitha kundiposa. Turffontein ndi Rosettenville ndi poyenda pansi. Ngati Loweruka mumaweruka msanga ndiyankheni pa imelo yomweyi ndikuuzeni malo ake, timayamba 2 koloko. Mubwere ndi chithunzi cha mayi wa mu tekisi uja, muchiike pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike ndipo musachikhudze pankhope ndi zala, ndikufuna tidzaone limodzi dzanja lakumanja lija.