Musasayine pepala lodula malipirolo, achemwali

Achemwali, mwati printer ya ku ofesi kwanu yafa amagetsi atangoyeza mawaya, ndipo bwana wakupatsani pepala loti azikudulani malipiro; pepala akupatsanilo musasayine. Ndikulemba mtima ukuthamanga chifukwa ine zimenezi zinandionekera, kungoti inu akuti mwapha printer imodzi, ine anandisenzetsa ofesi yonse.

Kunali ku Randburg kuno ku Joni, ofesi yowerengera anthu ndalama. Ine yanga inali kutsegula, kukolopa, tiyi ndi kutumidwa. Mwini nyumbayo amaigulitsa, ndiye pamafunika CoC, chikalata chija chotsimikiza kuti mawaya ali bwino. Amagetsi anabwera Loweruka, anyamata awiri, bwana wawo anangowatula n'kuliyatsa ulendo. Ndinawatsegulira, ndinawaonetsa DB board, bokosi lija la maswichi a magetsi, n'kukakhala panja. Magetsi ankangozima ndi kuyaka mpaka masana. Palibe anandiuza kuti zulani pulagi iyi kapena iyo. Palibe. Pomaliza anandipatsa job card kuti ndisayine kuti afika nthawi yakuti, achoka nthawi yakuti, ine n'kuijambula pafoni monga ndimachitira ndi pepala lililonse kuno ku Joni.

Lolemba m'mawa kukuzizira, anthu alowa, ena ayatsa timahita tawo ta pansi pa desiki. Ine ndateleka ketulo. Nditangodina batani, mababu a kukhitchini anafooka n'kusanduka ofiira, pomwe a mbali ina ya ofesi anawala koopsa. Kenako phuu! Makina a fotokope. Utsi tolo kuseri kwake, fungo ngati jumbo yagwera pa mbaula. Mayi wa pa reception kukuwa, kompyuta yake yazima, UPS, kabokosi ka batire kothandiza kompyuta magetsi akazima, ikungolira osasiya, wina wanyamula laputopu yake akuthamangira pakhomo chaja ikukwakwa pansi. Ine chiimire ndi sipuni ya shuga m'manja. Bwana anatuluka, sanafunse kuti alipo wavulala, anangoyang'ana ine n'kufunsa kuti wagwira chiyani. Pamaso pa anthu onse, ena ana oti ndikhoza kuwabereka. Ndinati ketulo, bwana. Basi kuyambira pamenepo nkhani inasanduka ya ketulo, ngati kuti ketulo yomweyo sinkaiyatsa m'mawa uliwonse.

Chimene chimandiwawabe ndi bambo uja wa kampani ya magetsi. Anafika masana, kiyi wa galimoto akuzunguliza pachala, board sanaitsegule n'komwe. Akuti anyamata ake anandiuza kuti ndizule zonse, ine n'kukana. Akuti mwina sindinamve Chingelezi. Ine! Kenako anatembenuka, akuti ndi load shedding, kafunseni a City Power ogawa magetsi mumzindamu, chonsecho tsiku limenelo magetsi sanazime dera lonselo. A kampani yobwereketsa fotokope nawonso anangoyang'ana kabolodi kopsako n'kunena kuti za magetsi sizili mu mgwirizano wawo. A inshuwalansi akufuna lipoti. Aliyense ali ndi pepala lomutchinjiriza, wopanda pepala ndi Mmalawi wa tiyi. Anthu amenewa amadziwa kuti ambirife tikangomva mawu oti polisi kapena Home Affairs timafota, ndiye mlandu amaukankhira konko.

Ofesi yoyandikana nayo itayambanso kudandaula za mababu, mwini nyumba anaitana wamagetsi wina, mdala wa ku Zimbabwe. Iyeyo atatsegula board anapeza waya wa neutral, wobwezera magetsi, uli lendelende, sanaumange atatha kuyeza. Anandifotokozera bwinobwino. Nyumba ya three phase, yolandira magetsi pa mawaya atatu amoto, neutral ikamasuka, soketi yoyenera kupereka 230V imatha kukwera kuyandikira 400V mbali imene kuli zinthu zochepa zoyatsidwa, kwinako n'kutsika. Ketulo yanga ndi mahita aja zinangopendeketsa sikelo. Anatinso akamayeza mawaya ndi kachipangizo kotchedwa megger amakankhamo 500V, ndiye kompyuta, printer, UPS ndi ma adaputa oteteza ku mphenzi zimayenera kuzulidwa kaye, ndipo woonetsetsa zimenezo ndi woyezayo, osati wokolopa. Komanso akamayesa earth leakage, swichi yoteteza anthu ija imagwa magetsi okwana 30mA akamathawira pansi, amadula magetsi mwadzidzidzi kangapo, makina amene ali ndi hard drive sagwirizana nazo. Ndiye inu achemwali, yanuyo mwati yafa tsiku lotsatira atayeza, funsani kuti anayeza chiyani, anazula chiyani.

Bwana anali atalemba kale kalata yoti azindidula mwezi ndi mwezi. Ndinakana kusayina, ndipo ndinakweza mawu mpaka a ofesi ina anasuzumira. Ndinamuonetsa chithunzi cha job card, palibe pamene analemba kuti kasitomala azule zinthu. Kalatayo inangosowa. Pepani sanapepese mpaka lero, bambo wa kampani ya magetsi uja sanabwerenso, zoti analipira kapena ayi anakambirana okhaokha ku khofi.

Za malamulo, mverani. Basic Conditions of Employment Act ya 1997, gawo 34, imati bwana sangakuduleni ndalama ya katundu woonongeka popanda inu kuvomera molemba. Ndiponso payenera kuoneka kuti kulakwa ndi kwanu, akupatseni mpata wofotokoza mbali yanu, asadule kuposa mtengo wa chinthucho, komanso asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu. N'chifukwa chake akukukakamizani siginecha. Akadula mwamakani, pitani ku ofesi ya Labour kapena ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, n'kwaulere. Akakuchotsani ntchito muli ndi masiku 30 okha oti mukadandaule, fomu yake ndi 7.11. Za mapepala okhalira kuno musaope kwambiri, mu 2008 Labour Court inagamula kuti munthu ngakhale permit yake itatha amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo. Ineyo ku CCMA sindinapondeko, ndinali ndi ana awiri a sukulu ku Mangochi ndipo lendi ya ku Cosmo City siidikira mlandu, koma inu pitani.

Ndipo musakangane naye bwana, musakweze mawu ngati ndinachitira ine, amangofuna pokupezerani chifukwa. Lankhulani mofatsa, makamaka pa WhatsApp kuti zitsale zolembedwa. Muuzeni aitane wamagetsi wina wolembetsedwa ku Department of Employment and Labour adzaone board ndi soketi imene printer inalipo, alembe lipoti. Printer yakufayo asaitaye, wokonza akaitsegula amadziwa ngati yapsa ndi magetsi kapena yangotha ndi ukalamba. Tsiku lina akadzabweranso oyeza, musasayine kanthu kalikonse, ngakhale job card, auzeni adikire mwini ofesi. Koma muijambule.

Tatiuzani, amene anawatsegulira tsiku loyezalo ndi inuyo kapena a security? Ngati ndi a security, kajambuleni buku lawo la pageti lero lomwe, tsambalo lisanang'ambidwe.