Nkhope ya Erasmus pa mkuwa wa Dürer

Zikomo kwambiri chifukwa cha imelo yanu, imene mwafunsamo ngati chithunzi cha katswiri wa maphunziro Erasmus wa ku Rotterdam chimene mmisiri wa ku Germany Albrecht Dürer anagoba mu 1526 chimafanana ndi mwiniwake, komanso chifukwa chake akatswiri a maphunziro a nthawi imeneyo ankafuna zithunzi zogoba.

Ndiyambe ndi funso lachiwiri. Chithunzi chopenta chimakhala chimodzi, ndipo chimakhala pakhoma la nyumba imodzi. Wogoba yekha amatenga kachitsulo kosongoka n'kumakumba mizere pa mkuwa wosalala, kenako amapaka inki, kupukuta pamwamba kuti inkiyo itsale m'mizere mokha, n'kupanikizapo pepala lonyowa. Mkuwa umodzi unkatulutsa zithunzi zambirimbiri zopepuka, zoti n'kuzitumiza pamodzi ndi kalata. Anthu onga Erasmus, amene ubwenzi wawo unkadalira makalata a m'Chilatini oyenda pakati pa Basel, Nuremberg ndi Antwerp, ankasowa chinthu chotere.

Pa nkhani ya kufanana, Erasmus mwiniwake anadandaula kuti chithunzicho sichinamufanane kwenikweni. N'zosadabwitsa, popeza Dürer anamujambula ndi makala ku Brussels mu 1520, ndipo panapita zaka 6 asanagobe mkuwawo. Koma ine ndikuona kuti kuweruza ntchitoyi ndi mphuno kapena masaya n'kuilakwira. Taonani mmene Erasmus waimira pa desiki, maso ali pa zimene akulemba, mabuku ali patsogolo penipeni pafupi ndi ife oonera. Kumbuyo kwake kuli chikwangwani chachikulu cha mawu a Chilatini ndi Chigiriki, ndipo a Chigirikiwo akunena kuti zolemba zake ndizo zidzaonetse chithunzi chabwino koposa. Mawuwa analipo kale pa mendulo imene mmisiri wina, Quentin Massys, anamupangira mu 1519.

Dürer anachitanso chimodzimodzi ndi katswiri wina wa maphunziro, Philipp Melanchthon, m'chaka chomwecho cha 1526, pamene mawu a m'munsi mwa chithunzi chake akuvomereza kuti dzanja laluso latha kujambula nkhope koma osati nzeru. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti mmisiri wodziwa luso lake chotere anavomera kulemba malire ake pa mkuwa wake womwe. Nayenso Erasmus, ngakhale anali ndi dandaulo lija, mu 1528 analemba zoyamikira Dürer chifukwa chotha kuonetsa kuwala, mthunzi ngakhalenso maganizo a munthu ndi mizere yakuda yokha.