Nitrate Sachoka ndi Fyuluta, Amachoka ndi Ndowa

Kalata imene ndalandira sabata ino inali yaifupi. Mwiniwake akuti wapima madzi a m'thanki yake ya nsomba n'kupeza nitrate, mankhwala osaoneka ochokera ku zinyalala za nsomba, ali pa 80 ppm (ndiko kuti mamiligalamu 80 pa lita), chikhalirecho madziwo ndi oyera ndipo fyuluta (sefa ya madzi) ndi yaikulu, choncho akufunsa ngati agule fyuluta yachiwiri kapena mankhwala a m'botolo. Kalatayi yandikhudza, chifukwa inenso ndinafunsapo funso lomweli, koma ndinalifunsa nsomba zitandifera kale.

Thanki yanga yoyamba inali ya malita 100, ndipo munali nsomba za goldfish zinayi zimene ndinkazidyetsa nthawi iliyonse zikabwera pagalasi. Kwa miyezi yambiri sindinachotsemo madzi ngakhale kapu imodzi. Madzi akatsika ndinkangowonjezera ena, mumtima n'kumati ndasintha madzi, osadziwa kuti amene amauluka ndi madzi okha, pamene nitrate yense amatsalira momwemo n'kumachulukirachulukira. Tsiku lina ndinabweretsa nsomba ziwiri zatsopano. Pofika m'mawa zinali zitakhala pansi pakona, zipsepse zitapinda, ndipo chakudya chinkazigwera pamutu osachiyang'ana n'komwe. Sabata isanathe zonse ziwiri zinafa. Zakalezo zinkasambira bwinobwino, motero ndinkaganiza kuti ndinagula zodwala kale, mpaka pamene ndinapima madzi n'kuona kabotolo kopimira katafiira kwambiri, pafupi ndi mtundu womalizira pa khadi.

Chimene ndinachita pambuyo pake chimandipwetekabe mtima. Chifukwa cha mantha ndinakhuthula pafupifupi madzi onse tsiku limodzi, ndipo nsomba imodzi mwa zakale zija inafa. M'thanki imene yakhala nthawi yaitali osasinthidwa, pH amakhala atatsika (ndiko kuti asidi wachuluka m'madzi), nsomba zitazolowera pang'onopang'ono, ndiye madzi atsopano ambiri nthawi imodzi amazidzidzimutsa koopsa.

Tsono ndinene mosabisa kuti fyuluta yachiwiri siikuthandizani, chifukwa fyuluta ndi imene imapanga nitrate. Nsomba zimatulutsa amoniya, ndipo zakudya zotsala ndi masamba owola zimawonjezera. Mabakiteriya amene amakhala m'siponji ndi pa timiyala amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, kenako ena, monga a mtundu wa Nitrospira, amasandutsa nitrite kukhala nitrate. Ntchito ya fyuluta wamba imathera pomwepo. Amoniya ndi nitrite ndi poizoni wachangu, moti zonsezi ziyenera kukhala pa 0, pamene nitrate amafooketsa nsomba mwakachetechete n'kumadyetsa ndere. Mankhwala ndi timikanda togwira nitrate zilipo, ndipo zina zimagwiradi ntchito, koma ine sindizikonda m'manja mwa munthu amene akuyamba kumene, chifukwa zimamuphunzitsa kuiwala ndowa yosinthira madzi. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti madzi ooneka oyera anamiza oweta nsomba ambiri kuposa china chilichonse, popeza nitrate alibe mtundu kapena fungo.

Za kupima nazo ndisaiwale. Ngati mukugwiritsa ntchito mankhwala amadontho opimira madzi a kampani ya API, botolo lachiwiri liyenera kukhutchumulidwa mwamphamvu masekondi 30, kabotolo kopimira mphindi imodzi, kenako mudikire mphindi 5. Mukachita ulesi pamenepa, nambala imatuluka yotsika kuposa yeniyeni, ndipo mumagona mtima uli m'malo pamene zinthu sizili bwino. Pimaninso madzi a pampopi, chifukwa m'madera ena amabwera ndi nitrate kale. Malire a World Health Organization pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 50 pa lita, ndipo madzi ofika pamenepo sangatsitse thanki yanu kufika pa 20 ppm.

Zomera zinandithandiza

Panopa pamwamba pa thanki yanga pali pothos, chomera choyanga cha m'nyumba, masamba ali kunja, mizu yoyera ikulendewera m'madzi kuseri kwa fyuluta, ndipo m'kati muli hornwort, chomera cha m'madzi. Zomera zokula msanga zimadya amoniya ndi nitrate, koma muyenera kumazidulira ndi kutaya zodulazo, apo ayi zikawola zimabweza zonse zimene zinadya.

Kwa inu amene munalemba, yambani ndi kuchotsa 20 peresenti ya madzi masiku awiri alionse mpaka nambala itatsika pansi pa 40 ppm, kapena pansi pa 20 ngati nsomba zanu n'zosachedwa kudwala. Mukatero muzichotsa 25 mpaka 30 peresenti sabata iliyonse, mukukoka ndowe za m'timiyala ndi payipi. Madzi atsopano akhale ofunda mofanana ndi akale, ndipo muthiremo mankhwala ochotsa klorini. Siponji muziitsukira m'ndowa ya madzi a m'thanki momwemo kuti mabakiteriya asafe. Chakudya chikhale chimene nsomba zingamalize m'mphindi ziwiri, ndipo ngati nambala ikukwerabe mofulumira, ndiye kuti nsomba zachuluka kuposa madzi amene muli nawo.